Kuyeza mitsempha ndi kachitsulo konjenjemera: zaka za munthu zimasintha tanthauzo la zotsatira

Pa zipangizo zimene madokotala amayezera mitsempha ya munthu, chimodzi mwa zotsika mtengo komanso zosavuta kunyamula ndi kachitsulo ka mphanda ziwiri kotchedwa tuning fork. Sikafuna magetsi kapena batire. Dokotala amakamenya pachikhatho, kamayamba kunjenjemera, kenako amakhazika tsinde lake pa fupa la chala chachikulu cha kuphazi kwa wodwala n'kufunsa ngati akumva kanthu. Funsolo ndi lalifupi, koma yankho lake silitanthauza chinthu chimodzi kwa anthu onse. Mnyamata wa zaka 25 akamva kunjenjemerako mofooka, ndiye kuti pali vuto loyenera kufufuzidwa. Gogo wa zaka 85 akakumva mofooka chimodzimodzi, n'kutheka kuti mitsempha yake ili monga momwe imakhalira pa zaka zimenezo.

Amene amayezedwa motere kawirikawiri ndi odwala matenda a shuga, amene akumwa mankhwala a HIV kapena a chifuwa chachikulu cha TB, ndi onse odandaula za dzanzi kapena kutentha kwa mapazi. Zotsatira zikawerengedwa mosaganizira zaka, munthu wachikulire wabwinobwino akhoza kuuzidwa kuti mitsempha yake yawonongeka, pamene wina amene mitsempha yake ikuwonongekadi akhoza kubwezedwa kunyumba atauzidwa kuti ndi ukalamba chabe. Chachiwirichi ndicho choopsa, pakuti phazi limene lasiya kumva limavulala mwiniwake osadziwa, ndipo kwa wodwala shuga kachilonda kakang'ono kakhoza kuthera pa kudulidwa mwendo.

Chimene kachitsuloka kamayeza

Mitsempha imene ikunenedwa pano si yoyendamo magazi, koma yonyamula mauthenga pakati pa thupi ndi ubongo. Pansi pa khungu, komanso pafupi ndi mafupa ndi molumikizirana mafupa, pali timatumba ting'onoting'ono, kutalika kwake pafupifupi milimita imodzi, tokhala ndi timagawo tokutanakutana ngati anyezi. M'kati mwa kathumba kalikonse mumathera nsonga ya mtsempha. Timatumbati tidatenga dzina la Filippo Pacini, katswiri wa ku Italy amene adatiwona m'chaka cha 1831 akadali wophunzira. Ndi Pacini yemweyo amene m'chaka cha 1854 adafotokoza za kachilombo koyambitsa kolera, ngakhale kuti padapita zaka zambiri dziko lisanamuyamikire pa ntchito imeneyo.

Timatumba ta Pacini sitilabadira kwenikweni chinthu chimene changopanikiza khungu n'kukhala duu. Timadzidzimuka ndi kugwedezeka kofulumira, makamaka kochitika maulendo pafupifupi 250 pa sekondi imodzi. Kugwedezeka kwapang'onopang'ono kumamvedwa ndi timatumba tina ta pafupi ndi pamwamba pa khungu, totchedwa ndi dzina la Georg Meissner wa ku Germany.

Uthenga ukachoka m'timatumbamo umadutsa m'mitsempha yonenepa yokutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, amene amateteza mtsempha monga momwe pulasitiki imakutira waya wamagetsi, ndiponso amafulumizitsa uthengawo. Ukalowa mumsana umakwera kudzera chakumbuyo kwa mtsempha waukulu wa mumsana mpaka kutsinde kwa ubongo, kumene umawolokera mbali inayo, kotero kuti za phazi lamanja zimakamvekera kumanzere kwa ubongo. Njira yomweyi ndiyo imadziwitsanso munthu pamene pali mwendo wake ngakhale atatsinzina. Choncho kachitsulo kakakhazikidwa pa chala, kamayesa ulendo wonse kuyambira kuphazi mpaka kumutu, ndipo pakawonongeka paliponse m'njiramo kunjenjemera kumamveka mofooka kapena sikumveka n'komwe.

Kachitsuloka sikadapangidwire chipatala. Adakapanga ndi John Shore, woimba lipenga wa ku England, m'chaka cha 1711, kuti azichunira zida zoimbira. Madokotala a ku Germany ndiwo adakalowetsa m'ntchito yoyeza mitsempha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Kamene kamagwiritsidwa ntchito kwambiri lero kamanjenjemera maulendo 128 pa sekondi, n'chifukwa chake pamalembedwa kuti 128 Hz. Palinso tina tating'ono ta 512 Hz, koma timeneto n'toyezera makutu.

Woyeza wosamala amayamba wakhazika kachitsuloko pa fupa la pachifuwa kapena la padzanja, kuti wodwala adziwe chimene akufunsidwa. Apa Chichewa chili ndi msampha wake: mawu oti kumva amanena za khutu ndi za khungu pomwe. Wodwala akafunsidwa kuti "Mukumva?" akhoza kuvomera chifukwa khutu lake lamva kulira kwa chitsulo, kapena chifukwa khungu lamva kuzizira ndi kupanikiza kwake, pamene kunjenjemera kwenikweniko sikunamufike. N'chifukwa chake wodwala amauzidwa kuti atsinzine, ndipo nthawi zina woyeza amagwira mphandazo mwakachetechete kuti zileke kunjenjemera, n'kufunsanso. Amene wayankha kuti akumvabe ndiye kuti sanamvetse funso, ndipo ntchito imayambiranso. Ngati pa chala sipakumveka kanthu, kachitsulo kamakwezedwa kukafika pa kakolo, kenako pa bondo, mpaka pa fupa la m'chiuno, kufunafuna pamene kumva kwayambira.

Njira yofala yopezera mlingo ndi kuwerenga masekondi. Mwachitsanzo, pa ndondomeko yachidule yoyezera mitsempha ya anthu amene ali ndi HIV, yotchedwa Brief Peripheral Neuropathy Screen, wodwala amene wamva kunjenjemera pa chala chachikulu kwa masekondi oposa 10 amawerengedwa kuti ali bwino. Masekondi 6 mpaka 10 ndi kuchepa pang'ono, ndipo 5 kapena kucheperapo ndi kuchepa kokulirapo. Vuto la njirayi n'loti imadalira mphamvu imene woyeza wamenyera chitsulo, ndipo manja a anthu salingana.

Madokotala awiri, Rydel ndi Seiffer, adayesa kuthetsa vutoli m'chaka cha 1903. Kumapeto kwa mphanda zonse ziwiri adamangako tizitsulo tolemera tojambulidwa chizindikiro cha ngodya zitatu, pambali pake pali manambala kuyambira 0 mpaka 8. Kachitsulo kakamanjenjemera, chizindikirocho chimawoneka ngati ziwiri zopingasana, ndipo mphambano yake imakwera kuchoka ku 0 kulowera ku 8 pamene kunjenjemera kukuzilala. Wodwala akangonena kuti kwatha, woyeza amawerenga nambala imene mphambanoyo yafika. Nambala ikakhala yaikulu ndiye kuti munthuyo amamva ngakhale kunjenjemera kofooka kwambiri. Ndi kachitsulo ka mtundu umenewu kamene kadathandiza kuti mphamvu ya zaka ilembedwe m'manambala oti dokotala aliyense angathe kugwiritsa ntchito.

Zimene zaka zimachita

Zoti kumva kunjenjemera kumachepa munthu akamakula zidadziwika kalekale. Gerald Pearson adalemba za nkhaniyi ku America m'chaka cha 1928, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake wakhala akupeza zofanana: kumvaku kumatsika pang'onopang'ono pa moyo wonse wa munthu wamkulu, kutsikako kumawonekera kwambiri akapitirira zaka 50, ndipo kumayambira kumapazi, manja akadali bwino.

Chifukwa chake chagona pa kutalika kwa ulendo. Mtsempha uliwonse wofika ku chala cha kuphazi ndi nthambi ya selo limodzi limene thunthu lake lili pafupi ndi msana, cham'chiuno. Selo limenelo liyenera kupanga zonse zofunika pa moyo wa nthambiyo n'kuzitumiza mtunda wa pafupifupi mita imodzi, ndipo nthambi yake ina imakwera mumsana mpaka kutsinde kwa ubongo. Ali m'gulu la maselo aatali kwambiri m'thupi lonse. Monga momwe nyumba za kumapeto kwa paipi zimayambira kusowa madzi mphamvu ikachepa, nsonga za mitsempha yaitali ndizo zimayamba kufooka, kaya chifukwa cha ukalamba kaya cha matenda. Kuwonjezera apo, timatumba ta Pacini ndi ta Meissner timachepa chiwerengero ndi kusintha maonekedwe munthu akamakalamba, mitsempha ina yokutidwa ndi myelin imatha, ndipo magazi ofika kumapazi amachepa. Ronald Verrillo, amene adafufuza za kumva kwa khungu kwa zaka zambiri pa yunivesite ya Syracuse ku America, adapeza kuti ukalamba umawononga kwambiri kumva kugwedezeka kofulumira, kumene kumadalira timatumba ta Pacini, pamene kumva kugwedezeka kwapang'onopang'ono sikusintha kwenikweni. Kachitsulo ka kuchipatala kamagunda mbali yomweyo imene ukalamba umayambira kudya.

M'chaka cha 1998 madokotala a ku Rotterdam m'dziko la Netherlands, pakati pawo Martina ndi van Doorn, adayeza anthu athanzi 198 a zaka zosiyanasiyana ndi kachitsulo ka Rydel ndi Seiffer, n'kukhazikitsa malire amene akugwiritsidwabe ntchito. Kumiyendo, munthu wa zaka 40 kapena kucheperapo ayenera kufika pa 4.5. Wa zaka 41 mpaka 60 amafunika 4.0, wa zaka 61 mpaka 85 amafunika 3.5, ndipo wopitirira zaka 85 akafika pa 3.0 ali bwino. Kumanja malirewo ndi okwera ndipo amatsika pang'ono chabe: 6.5 kwa wa zaka 40 kapena kucheperapo, 6.0 mpaka zaka 85, ndi 5.5 kupitirira apo.

Tanthauzo la manambalawa limawoneka bwino pa chitsanzo chimodzi. Anthu atatu akapeza 4.0 pa chala chachikulu, wa zaka 30 walephera mlingo ndipo ayenera kufufuzidwa, wa zaka 50 ali pamalire penipeni, pamene wa zaka 70 wapitirira zimene zimayembekezeka kwa anzake. Nambala ndi imodzi, matanthauzo atatu. Chinanso choyenera kuwona n'choti ngakhale kwa wopitirira zaka 85, malirewo safika pa 0. Ukalamba umafooketsa kumva, koma pa mlingo umenewu kusamva kalikonse sikuwerengedwa ngati chinthu chabwinobwino.

Makina amagetsi otchedwa biothesiometer amayeza chinthu chomwechi mwa njira yotembenuza: woyeza amawonjezera mphamvu ya kunjenjemera mpaka wodwala atayamba kumva, ndipo zotsatira zimalembedwa m'ma volts, nambala yaikulu kutanthauza kumva kofooka. Kafukufuku wa ku Manchester wa m'chaka cha 1994 adatsatira odwala shuga kwa zaka zinayi. Mwa amene ankafunika mphamvu yoposa 25 volts kuti amve, pafupifupi 20 pa 100 aliwonse adatuluka zilonda za kumapazi, pamene mwa amene ankamva mphamvu isanafike 15 volts adali pafupifupi atatu okha pa 100. Kuyambira pamenepo nambala ya 25 idatchuka ngati chenjezo la chilonda, ndipo pa ntchito imeneyo ndi yothandizadi. Koma ngati ikugwiritsidwa ntchito pofuna kudziwa amene ali ndi matenda a mitsempha, imalakwira mbali zonse ziwiri: okalamba ena athanzi amaipitirira, pamene wachinyamata akhoza kukhala atawonongeka kale mitsempha asanayandikire n'komwe pa 25. N'chifukwa chake akatswiri adakonza matchati a zaka, ofanana ndi aja a kusikelo ya ana, pamene kulemera kwa mwana kumayerekezedwa ndi kwa anzake a miyezi yofanana.

Zaka za woyeza nazo zimalowerera. Madokotala ambiri adaphunzitsidwa kuti wodwala akanena kuti kunjenjemera kwatha, asamutsire kachitsuloko pa chala chawo kuti awone ngati iwo akukumvabe. Njirayi ndi yachangu, koma ngati woyeza ali ndi zaka 28 ndipo akuyerekeza chala chake cha kudzanja ndi chala cha kuphazi cha munthu wa zaka 75, wasakaniza kusiyana kuwiri nthawi imodzi: dzanja limamva kuposa phazi pa zaka zilizonse, ndipo wachinyamata amamva kuposa wokalamba. Pa mpikisano wotere pafupifupi gogo aliyense angapezeke wodwala.

Amuna, akazi ndi kutalika

Pa nkhani ya kusiyana kwa amuna ndi akazi umboni si wamphamvu ngati wa zaka, ndipo kafukufuku sagwirizana yense. Max Hilz ndi anzake adayeza anthu 530 a zaka zoyambira 3 mpaka 79, ndipo zotsatira zawo za m'chaka cha 1998 zidawonetsa kuti amuna opitirira zaka 50 ankamva kunjenjemera mofooka poyerekeza ndi akazi a zaka zomwezo. Kusiyanako kudawonekera pa achikulire, zimene zikusonyeza kuti mitsempha ya amuna imatsika msanga, osati kuti amabadwa osiyana ndi alongo awo. Koma tebulo la ku Rotterdam lija limagawa anthu potengera zaka zokha, ndipo malire ake ndi amodzi kwa mwamuna ndi mkazi.

Chimene ambiri amachiloza pofotokoza kusiyanaku ndi kutalika. Kafukufuku wa ku Britain wa m'chaka cha 1991, amene adayeza anthu athanzi 1,365 ndi biothesiometer, adapeza kuti zaka ndizo zidali ndi mphamvu yaikulu pa zotsatira, ndipo kutalika kwa munthu kudakhudza kumva kwa pa chala cha kuphazi ndi pa kakolo koma osati kwa pa chala chachikulu cha kudzanja. Izi zikugwirizana ndi nkhani ya ulendo wautali ija: munthu wamtali ali ndi mitsempha yaitali ya kumiyendo, ndipo popeza amuna ambiri ndi aatali kuposa akazi, gawo lina la chimene chimawoneka ngati kusiyana kwa amuna ndi akazi ndi kusiyana kwa masentimita. Gulu la Hilz silidapeze mphamvu ya kutalika mwa anthu amene lidawayeza, choncho mtsutso ulipo, koma maganizo a kutalikawa ali ndi umboni wina wowachirikiza. Pa yunivesite ya McMaster ku Canada, gulu la Daniel Goldreich lidapeza m'chaka cha 2009 kuti akazi amazindikira timizere tating'ono ndi nsonga za zala kuposa amuna chifukwa choti zala zawo ndi zazing'ono, ndipo mwamuna ndi mkazi a zala zofanana kukula amazindikira mofanana. Kumeneko sikudali kuyeza kunjenjemera, koma phunziro lake n'lofanana: kukula kwa thupi kumabisala kumbuyo kwa mawu oti mwamuna ndi mkazi. Mwamwayi, Chichewa chidaphatikiza kale zinthu ziwirizi m'liwu limodzi loti msinkhu, limene limanena zaka komanso kutalika.

Moyo umene munthu wakhala nawo umalowanso m'masamuwa. Mowa wambiri wa zaka zambiri umawononga mitsempha ya kumapazi, ndipo m'madera ambiri amuna ndiwo amamwa kwambiri. Ntchito zogwira makina onjenjemera, monga oboolera miyala m'migodi kapena ochekera mitengo, zimafooketsa kumva kwa zala za kumanja, ndipo nazonso zagwiridwa kwambiri ndi amuna. Bambo wachikulire amene adagwirapo ntchito yoboola miyala m'migodi ya ku South Africa akapezeka ndi zala zosamva bwino, funso la ntchito yake yakale n'lothandiza kuposa kungonena kuti amuna amatero.

Pochita zenizeni, tsono, zaka ziyenera kusintha mlingo nthawi zonse, pamene kukhala mwamuna kapena mkazi kumangothandiza pa zotsatira za pamalire. Bambo wamtali wa zaka 65 amene wapereweza pang'ono pa zala zonse ziwiri za kumapazi, wopanda dandaulo lililonse, sadetsa nkhawa ngati mayi wamfupi wa zaka 45 amene wapeza nambala yomweyo.

Pamene ukalamba si yankho

Kufooka kwa ukalamba kuli ndi maonekedwe ake. Kumabwera pang'onopang'ono, kumagwira mapazi onse awiri mofanana, kumakhala kunsonga, ndipo kawirikawiri sikupweteka. Chilichonse chosemphana ndi zimenezi chimafuna kufufuzidwa, kaya munthuyo ali ndi zaka zingati. Phazi limodzi likamamva bwino linzake ayi, vuto likhoza kukhala mtsempha wopanikizika mumsana kapena m'mwendo. Kusamva kukafika pa bondo kapena kukagwira manja, kukabwera m'miyezi yochepa, kapena kukatsagana ndi dzanzi, kutentha ndi kubaya kwa mapazi usiku, ukalamba wokha sungakhale chifukwa. Chimodzimodzinso munthu akalephera kudziwa ngati chala chake chapindidwira m'mwamba kapena pansi atatsinzina, kapena akamadzandira mumdima, pakuti kudziwa pamene pali chiwalo sikutha msanga ndi zaka ngati kumva kunjenjemera. Woyeza amayang'ananso zinthu zosavuta zimene zingasokoneze zotsatira, monga mapazi otupa kapena khungu lokhakhala, n'chifukwa chake tsinde la kachitsulo liyenera kukhala pa fupa penipeni.

Zoyambitsa zodziwika ndi matenda a shuga, mowa, kachilombo ka HIV, chindoko chimene chakhalitsa osachizidwa, matenda a impso ndi mankhwala ena a khansa. Kuchepa kwa vitamini B12 n'koyenera kukutchula pakokha, chifukwa kumapezeka kwambiri mwa okalamba, kumawononga njira ya kumbuyo kwa msana yomwe ija, ndipo kumachizika kukapezeka msanga. Mankhwala a shuga a metformin akamwedwa kwa zaka zambiri akhoza kuchepetsa vitamini ameneyu, kotero kuti wodwala shuga wachikulire akhoza kukhala ndi zifukwa zitatu za phazi losamva, chimodzi mwa izo chili chochizika. Mankhwala a TB a isoniazid nawo amavulaza mitsempha, n'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi vitamini B6.

Malawi ndi maiko oyandikana nawo adaona mbali ina ya nkhaniyi pa nthawi imene stavudine adali m'gulu la ma ARV oyambira. Mankhwalawa adapulumutsa miyoyo yambiri, koma adasiya anthu ochuluka ndi mapazi a dzanzi ndi otentha, ndipo dziko la Malawi lidawasiya pang'onopang'ono pakati pa 2011 ndi 2013, potsatira malangizo a bungwe la World Health Organization. Kafukufuku wa m'chaka cha 2009, wochitika ku Melbourne, Kuala Lumpur ndi Jakarta, adapeza kuti mwa omwa stavudine, amene adali pangozi yaikulu ya vutoli adali a zaka 40 kapena kuposerapo, ndiponso otalika masentimita 170 kapena kuposerapo. Zinthu ziwiri zimene zimafooketsa kumva mwa munthu wathanzi ndizo zidapezekanso zikulozera amene mankhwala angamuvulaze. Ambiri mwa amene adamwa mankhwalawa zaka zimenezo tsopano apitirira zaka 50, ndipo woyeza mapazi awo lero ayenera kufunsa mbiri ya mankhwala asanaloze ukalamba.

Kwa odwala shuga, bungwe la American Diabetes Association limalangiza kuti mitsempha ya kumapazi iyezedwe matendawa akangopezeka ngati ndi shuga wa mtundu wachiwiri, kapena pakapita zaka zisanu ngati ndi wa mtundu woyamba, kenako chaka chilichonse. Kachitsulo ka 128 Hz kamayendera limodzi ndi kaulusi kolimba ka nayiloni kamene kamapindika kakapanikizidwa ndi mphamvu ya magalamu 10, ndipo kamasonyeza ngati phazi lingathe kumva chinthu chovulaza. Popeza kutsika kwa ukalamba kumatenga zaka zambiri kuti kuwonekere, zotsatira za munthu mwiniwake za chaka chatha zimakhala mlingo wabwino kuposa tebulo lililonse: nambala ikatsika kuchoka pa 5 kufika pa 3 m'miyezi 12, zaka sizingafotokoze zimenezo. Kuyerekeza kotere kumatheka pokhapokha ngati m'buku la kuchipatala la wodwalayo mudalembedwa nambala kapena masekondi, malo amene adayezedwa, ndi phazi lake, lamanja kapena lamanzere.